Ophunzira 24 pa ulendo wa ku Ulaya: zikavuta panjira, ndiyambire pati?

MphunzitsiWaMbiri

Moni nonse. Sukulu yandipatsa udindo wotsogolera ophunzira 24, a zaka 15 mpaka 17, pa ulendo wa ku Ulaya tchuthi chikubwerachi. Akuluakulu tilipo atatu, abambo awiri ndi mayi mmodzi, koma komiti ikuganiza zochotsapo mmodzi kuti ndalama zikwane. Popita ndi pobwera tidzasintha ndege kamodzi. Mapasipoti ndi maviza zili m'njira, ndondomeko ya malo okaona ilinso bwino. Chikundisowetsa tulo ndi ichi: mwana akataya pasipoti mawa lake tikubwerera, kapena ndege yachiwiri ikatisiya, kapena wina akagonekedwa m'chipatala, choyamba kuchita n'chiyani, nanga enawo ndiwatani? Amene mumaidziwa ntchitoyi chonde ndiuzeni mwatsatanetsatane, osangoti "konzekerani bwino".

Namlondola

Aphunzitsi, yambani ndi komitiyo: munthu wachitatuyo asachotsedwe. Mavuto onse mwatchulawa amathera pamodzimodzi, gulu ligawike, wamkulu mmodzi atsale ndi mwana wovutikayo, enawo apitirire. Mukakhala awiri ndiye kuti wina ayenda yekha ndi ana 23 pa bwalo la ndege lachilendo, ndipo ngakhale kuchimbudzi sangapite. Onaninso nkhani ya mayi mmodziyo. Mtsikana akagonekedwa, otsala naye ndi iwowo, ndiye atsikana enawo amaliza ulendo opanda mayi wowayang'anira. Ngati komiti ili ndi mphamvu zosintha kanthu, isinthe pamenepo.

Musananyamuke lembani papepala kuti akatsala mnyamata atsala naye ndani, akatsala mtsikana atsala naye ndani. Wotsalayo akhale ndi khadi lakelake la kubanki lokwanira hotela ya masiku angapo ndi matikiti awiri atsopano, dzina lake likhale m'makalata a chilolezo amene makolo asaina, ndipo viza yake ikhale ndi masiku apadera. Apa ambiri amagwa napo. Viza ya Schengen, imene imagwira m'mayiko ambiri a ku Ulaya, imalemba chiwerengero cha masiku amene munthu angakhale, ndipo mukapempha ongokwanira ulendowo ndendende, wotsalayo tsiku lotsatira waphwanya kale lamulo. Zikatero apite ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dzikolo masikuwo asanathe, ali ndi kalata ya chipatala kapena ya polisi. Amatha kuwonjezera masiku ngati chifukwa chake n'chosapeweka.

Za pasipoti tsopano. Musathamangire kupolisi. Funafunani kaye mwaphee kwa theka la ola: kathumba ka kumpando wa ndege kapena wa basi, mbale zija zoikamo katundu pofufuzidwa, pansi pa matiresi, m'thumba la jekete ya mnzake. Chifukwa chake n'chakuti boma la mwanayo likangolemba kuti pasipoti yatayika, imaphedwa ndipo nambala yake imalowa m'kaundula wa Interpol, bungwe la apolisi a mayiko osiyanasiyana. Ikadzapezeka madzulo m'thumba la zovala zakuda, yatha ntchito, ndipo woyesa kuwolokera nayo malire akhoza kutsekeredwa.

Ikasowadi, kupolisi mukatenge lipoti lolembedwa, lokhala ndi nambala ndi chidindo. Kenako imbani foni ku ofesi ya kazembe musanakwere chilichonse, mufunse zimene akufuna, mtengo wake, ngati amalandira khadi kapena ndalama zapamanja zokha, ndi nthawi imene amatseka. Dziwiranitu muli kwanu kumene ofesiyo ili. Mayiko ambiri alibe kazembe m'dziko lililonse la ku Ulaya, mwina amene amayang'anira kumene mukupitako amakhala mumzinda wa dziko lina, ulendo wa tsiku lonse. Amatsekanso Loweruka, Lamlungu ndi pa tchuthi cha mayiko onse awiri. Pasipoti yotayika Lachisanu masana, muwerengeretu kuti nkhani yake iyamba Lolemba.

Popita kumeneko mutenge fotokope ya tsamba la chithunzi ndi la viza, fotokope ya chikalata cha kubadwa, zithunzi za pasipoti zosachepera ziwiri, lipoti la polisi lija ndi tikiti yobwerera. Popeza ndi mwana, kawirikawiri amafuna chilolezo cha makolo, choncho makolowo akhale pafupi ndi foni, okonzeka kusaina ndi kutumiza pepala nthawi yomweyo. Chimene amapereka nthawi zambiri ndi chikalata chongobwererera kwawo ulendo umodzi, ndipo si dziko lililonse limene limalola munthu kudutsiramo nacho. Funsani a ndege za dziko losinthira ndegelo musanalipire tikiti yatsopano.

Ndipo auzeni a ndege nthawi yonyamuka isanakwane kuti awiriwa sakwera, mupemphe kuti mayina awo apatulidwe pa bukingi ya gulu. Munthu akangosowa osanena, makompyuta amafufuta okha mbali zonse zotsala za tikiti yake.

Mapepala onsewa akhale m'mafayilo anayi ofanana: limodzi kwa wamkulu aliyense, lachinayi kwa munthu wa kusukulu amene sazimitsa foni usiku. Za mufoni n'zothandiza, koma foni imabedwa pamodzi ndi chikwama chomwecho.

WaPakauntala

Ine ndiyankhe za ndege ndi katundu.

Funsani amene akukugulitsani matikiti funso limodzi: ulendo wonse uli pa nambala imodzi ya bukingi, kapena ndi matikiti awiri olumikiza? Ukakhala pa nambala imodzi, ndege yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, kampani ndiyo ikupezereni ina popanda kulipira. Akakhala matikiti awiri, kampani yachiwiriyo ilibe nanu mangawa, imangoona kuti simunabwere, ndipo mugula matikiti 27 pa mtengo wa tsiku lomwelo. Posinthira ndege siyani maola atatu. Nthawi imene makompyuta amati n'njokwanira amawerengera munthu mmodzi woyenda ndawala, osati ana 24 amene wina waiwala botolo la madzi m'chikwama pofufuzidwa.

Ndege ikakusiyani kapena ikaimitsidwa, gawanani ntchito pomwepo: mmodzi pamzere wa kauntala ali ndi ziphaso zokwerera zonse m'manja, wina pa foni ndi ejenti amene anadula matikiti, wachitatu akhazike ana pamalo amodzi pafupi ndi khoma la soketi. Foniyo n'njofunika chifukwa matikiti a gulu nthawi zambiri sasinthika pa intaneti ngati a munthu mmodzi. Yembekezerani kuti mipando 27 pa ndege imodzi yotsatira sipezeka. Adzakuuzani kuti "tili ndi 9 madzulo ano, 18 mawa". Choncho khalani ndi timagulu titatu ta ana 8 togawiratu, kalikonse ndi wamkulu wake, muwapatse mayina ali pamndandanda. Mukapanda kutero kompyuta igawa yokha, ndipo ikhoza kuika ana asanu pa ndege yopanda mphunzitsi. Zimenezo kanani. Muonenso njira yatsopano imene akukupatsaniyo musanavomere, popeza anthu a mapasipoti a mayiko ena amafunika viza ngakhale yongodutsira pa bwalo la ndege la ku London.

Popeza mukupita ku Ulaya, dziwani lamulo la European Union (EU) nambala 261 la 2004. Limagwira pa ndege iliyonse yonyamukira m'dziko la mu EU, komanso yolowa mu EU ngati kampani yake ndi ya komweko. Ndiye kuti pobwerera, ngati mukunyamukira m'dziko la mu EU, muli otetezedwa, koma popita zitengera kampani. Lili ndi mbali ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi chisamaliro: chakudya ndi zakumwa mukadikira maola 2, 3 kapena 4 malinga ndi kutalika kwa ulendo, ndipo mukagonera, hotela ndi galimoto yopita ndi kubwera. Izi akuyenera kupereka ngakhale vuto litakhala nyengo. Phiri la ku Iceland lija litaphulika mu April 2010 n'kutseketsa mlengalenga kwa masiku angapo, nkhani inafika ku khoti la EU, ndipo mu 2013 linagamula kuti udindo wosamalira okwerawo sutha chifukwa choti vuto lakula. Akalephera kukupatsani, lipirani nokha zapakatikati, musunge malisiti onse, mudzawabweze.

Mbali yachiwiri ndi chipukutamisozi, mukafika kumene mumapita mochedwa ndi maola 3 kapena kuposa: mayuro 250 pa ulendo wosapitirira makilomita 1,500, mayuro 400 mpaka makilomita 3,500, ndi mayuro 600 kupitirira apo, ngakhale kuti 600 ija amatha kuidula pakati ngati kuchedwako sikunafike maola 4. Ndi za munthu aliyense, choncho pa anthu 27 zikhoza kufika mayuro 16,200. Koma sapereka ngati chifukwa chili chimphepo, chipale chofewa kapena sitalaka ya owongolera ndege. N'chifukwa chake mupemphe kalata yonena chimene chachedwetsa ndegeyo musanachoke pakauntala, ndipo musasaine pepala la vocha musanawerenge ngati likukulandani ufulu wa ndalamazo.

Chinthu china chowawa: ngati mwagonera m'dziko losinthira ndege limene mapasipoti anu amafuna viza, hotela ya kunja kwa bwalo simungafikeko ngakhale kampani italipira. Funsani ngati muli hotela m'kati momwemo. Ikasowa, ndi mabenchi, ndipo akuluakulu azilandirana kugona.

Katundu akasowa, musatuluke m'chipinda cholandirira masutikesi chija musanalembetse fomu yotchedwa PIR pa kauntala ya katundu. Adzafuna kapepala komata kaja amapereka popereka sutikesi, ndipo adzakupatsani nambala ya zilembo zisanu ndi manambala asanu yolondolera. Timapepalato asasunge ana, muzimate tonse pa tsamba limodzi pafupi ndi dzina la mwini wake, ndipo mujambule sutikesi iliyonse musanaipereke, pakuti "yakuda, ya matayala" ndi theka la masutikesi a padziko. Pangano la Montreal la 1999, loona za maulendo a pandege pakati pa mayiko, limati sutikesi yowonongeka mudandaule polemba pasanathe masiku 7, yochedwa pasanathe masiku 21 kuchokera tsiku limene mwailandira, ndipo ikapanda kupezeka masiku 21 imatengedwa kuti yatayika. Malire a malipiro kuyambira kumapeto kwa 2024 ndi 1,519 SDR (ndalama yongowerengera ya bungwe la IMF) pa munthu, pafupifupi madola 2,000 a ku America, koma amenewo ndi malire chabe, amalipira zimene mwaonetsa umboni. Mwana aliyense akhale ndi zovala za tsiku limodzi m'chikwama chapamanja.

MphunzitsiWaMbiri

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndafunsa, ndipo mtengo wotsika umene anatipatsa unalidi wa matikiti awiri olumikiza, choncho tausiya. Mafunso ena awiri. Mapasipoti azisunga ana eni ake kapena ife? Komanso pa mafomu a makolo ndaona kuti mwana mmodzi ali ndi mphumu, wina thupi lake limadana kwambiri ndi mtedza ndipo amayenda ndi jakisoni.

NamwinoWaPasukulu

Aphunzitsi, ana awiriwo muwatchule kwa a inshulansi tsopano, polemba, ndipo akuyankheni polemba. Matenda amene munthu anali nawo kale ndiwo poyamba pamene inshulansi imakanira kulipira ngati sanaululidwe. Viza ya Schengen imafuna inshulansi yosachepera mayuro 30,000, koma chiwerengero chimenecho n'chongolowera pakhomo. Werengani ngati ikulipira hotela ndi tikiti yatsopano ya wamkulu wotsala ndi wodwala, ngati ikulipira kholo kuti libwere, ndiponso ngati ikulipira kumubweza wodwalayo kwawo ali ndi womuperekeza wachipatala. Zotsika mtengo zambiri zimasamala wodwala yekha.

Mankhwala onse akhale m'chikwama chapamanja, m'mabokosi ake enieni, ndi kalata ya dokotala yotchula dzina la mankhwalawo lenileni osati la kampani, popeza mayina a makampani amasiyana dziko ndi dziko. Tengani owonjezera a sabata imodzi.

Wa mtedzayo akhale ndi majakisoni a adrenaline awiri, pathupi pake nthawi zonse, osati m'basi kapena kuhotela, ndipo akuluakulu nonse atatu muphunzire kubaya musananyamuke. Akayamba kutupa milomo kapena lilime, mawu kusasa, kubanika kapena chizungulire atadya, bayani kunja kwa ntchafu nthawi yomweyo, ngakhale pamwamba pa thalauza. Mgonekeni chagada miyendo mutaikweza, kapena akhale tsonga ngati akubanika, koma asaimirire kapena kuyenda. Imbani 112, nambala imene imagwira m'mayiko onse a EU pa foni iliyonse, kwaulere. Pakatha mphindi 5 osasintha, bayani wachiwiri. Ngakhale aoneke kuti wachira apite ndithu kuchipatala, chifukwa zimatha kubwereranso patapita maola. Mumulembere kakhadi m'chilankhulo cha dzikolo koti azionetsa kukhitchini.

Wa mphumuyo, inhela yabuluu ija ikhale iwiri, ina kwa iye, ina kwa wamkulu wa kagulu kake. Ikamugwira akhale tsonga, apope kamodzi pa theka la mphindi kapena mphindi iliyonse mpaka ka 10. Ngati sakutha kumaliza chiganizo polankhula kapena sakusintha, ambulansi.

Koma zimene mudzakumane nazo kwenikweni ndi kutsegula m'mimba ndi kusanza. Tengani mapaketi a ORS okwanira. Akatha, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, azimwa pang'onopang'ono. Mankhwala oimitsa m'mimba musapereke ngati muli magazi kapena thupi latentha. Pitani kwa dokotala mukaona magazi, akamasanza chilichonse, akakhala maola 8 osakodza kapena akayamba kubwebweta. Aspirin asapatsidwe mwana wosakwana zaka 16. Ndipo ngati gulu likuchokera kudera kumene kuli malungo, mwana akatentha thupi nenani zimenezo kwa dokotala momveka bwino mupemphe kuyeza magazi, pakuti dokotala wa ku Ulaya sizimubwerera msanga m'mutu.

Pa zadzidzidzi ambulansi kaye, inshulansi pambuyo. Pa zina zonse imbani kaye nambala yawo ya usana ndi usiku, akuuzeni chipatala chopitako ndipo atumize kalata yolonjeza kulipira, apo ayi chipatala chidzafuna khadi lanu. Potuluka mutenge lipoti la dokotala, malisiti, ndi kalata yoti akhoza kukwera ndege. Mwana wa pulasitala yatsopano kapena wochitidwa opaleshoni a ndege amatha kumubweza pageti.

Namlondola

Mapasipoti asunge akuluakulu, aliyense a kagulu kake 8, m'kathumba ka m'kati mwa malaya. Onse 24 asakhale m'chikwama chimodzi, chikabedwa ulendo wathera pomwepo. Pamalire mwana aliyense agwire yake, akangodutsa muilandire n'kuwerenga musanasunthe phazi. Chimodzimodzi potsika ndege: werengani muli pakhomo pomwepo, chifukwa mukadutsa pa chitseko simubwereranso m'ndegemo.

MlangiziWaAtsikana

Achimwene a Namlondola, pamenepo ndigwirizana nanu theka. Pa maulendo ndi m'mahotela inde. Koma mayiko ena amafuna chiphaso chenicheni pathupi. Ku Netherlands aliyense wa zaka 14 kupita m'tsogolo ayenera kuonetsa chiphaso apolisi akafunsa, ndipo fotokope saiwerengera. Ndiye aphunzitsi afufuze lamulo la dziko lililonse, ndipo kumene kuli lamulo lotere, mwina ana asayende okha kutali ndi wosunga mapasipotiyo, mwina aliyense avale yake m'kati mwa zovala tsiku limenelo.

Palibe amene wanena za mwana wosochera, chonsecho ndi zimene zimachitika kawirikawiri kuposa zonsezi, makamaka pa sitima zapansi panthaka zimene zitseko zake zimatseka zokha. Lamulo likhale limodzi, ana alinene pamtima: wotsala pasiteshoni aime pomwepo osakwera sitima yotsatira, wopitirira yekha atsike pa siteshoni yotsatirayo n'kuima pomwe watsikirapo. Womutsatira ndi wamkulu. Onse awiri akayamba kufunana, amangosemphana. Pokwera, wamkulu mmodzi alowe poyamba, wina akhale womaliza ndipo asalowe mpaka ataona kuti panja sipanatsale wake. Powerenga musamawerenge mitu, mudzawerengera ndi mwana wa eni. Aliyense akhale ndi nambala yake, azitchula motsatana, pamene pakhale chete mwadziwa kale dzina la wosowayo.

M'thumba la mwana aliyense mukhale kakhadi ka pepala: dzina ndi adiresi ya hotela, manambala a akuluakulu awiri olembedwa ndi nambala ya dziko kutsogolo, 112, ndi kandalama kokwanira takisi. Musadalire WhatsApp, mwana akachoka pa intaneti ya kuhotela foni yake ili zii. Mukamufuna mphindi 20 kapena 30 osamupeza, foni osayankha, uzani alonda a pamalopo ndi apolisi. Kwa mwana simuyenera kudikira maola 24, zimenezo n'zongokamba anthu. Kujambula gulu lonse m'mawa uliwonse kumathandiza, mumaonetsa zovala zimene wavala tsikulo.

Makolo muwauze inuyo asanamve kwa ana. Gwirizanani ndi anawo kuti pakachitika kanthu asalembe pa intaneti mpaka kholo la mnzawoyo litauzidwa. Inu muimbire munthu mmodzi wa kusukulu uja, iye ndiye ayankhe makolo enawo, apo ayi foni yanu idzadzaza pa nthawi imene mukudikira kazembe kapena dokotala. Muzilembanso m'kabuku nthawi, dzina la amene mwalankhula naye ndi zimene wanena. A inshulansi ndi akusukulu adzafunsa zonsezo patapita mwezi.

Za mowa mulembe lamulo, ana ndi makolo asaine. Ku Germany wa zaka 16 amagula mowa ndi vinyo mwalamulo, wogulitsa sadzakuletserani, ndipo ngozi yochitika munthu ataledzera inshulansi zambiri sizilipira. Mwana akagwidwa ndi apolisi, kaya watola kanthu m'sitolo, wamkulu mmodzi apite naye, apemphe womasulira ndi loya, mwanayo asasaine chimene sakuchimva, ndipo munene kuti mukufuna kazembe adziwitsidwe. Ufulu umenewo uli m'Pangano la Vienna la 1963, ndime 36.

WaPakauntala

Ndiwonjezere kamodzi pa zikwama zapamanja, popeza mankhwala ndi mapepala onse mwawaika mmenemo. Ndege ikadzaza, pageti amalanda zikwama zina n'kukaziika pansi pamodzi ndi masutikesi, ndipo magulu ndiwo amayamba kupemphedwa. Zikatero mwana asapereke chikwama asanatulutse mankhwala, pasipoti ngati ili mmenemo, ndi power bank. Power bank siloledwa pansi pa ndege, ndipo yapamanja isapitirire 100 Wh (muyezo wa mphamvu ya batire) popanda chilolezo cha kampani. Ya 20,000 mAh imakhala pafupifupi 74 Wh, choncho ilibe vuto bola zolemba zake zikuwerengeka. Njira yachidule n'njakuti zinthu zitatuzi zikhale m'kathumba kamodzi koonekera m'kati pamwamba penipeni pa chikwama, kongosolola ndi dzanja limodzi mzere ukuyenda.

Fayilo ya aphunzitsi nayonso isalowe m'chikwama cha matayala. Ikhale m'kachikwama kokwana pansi pa mpando wakutsogolo, kameneko salanda.